Phala la ku Lusaka m'Munda wa Nshawa

A Fainesi a ku Zemba anakhala ku Lusaka masabata atatu okha, koma pobwera anali ataiwala kuti phala limaphikidwa ndi ufa. Anapita kukasamalira mwana wawo Lonia amene anali atangobereka mwana woyamba. Pochoka anali mayi ngati amayi onse, chitenje m'chiuno, ming'alu kumapazi. Pobwera, madzi a pachitsime chathu anayamba kuwanunkhira, ndipo nkhani iliyonse, ngakhale ya mbuzi yothyoka mwendo, inkathera pa mawu akuti, "Koma ku Lusaka sachita choncho."

Chimene chinawazunguza mutu kumeneko sichinali nyumba zosanjikizana kapena magalimoto ayi. Linali phala. Asewere awo, amayi ake a mwamuna wa Lonia, anali namwino wopuma pantchito, ndipo m'mawa uliwonse ankadya phala lofiirira lonunkhira chokoleti m'kambale kakang'ono kagalasi. Ankati ndi la thanzi, muli ufa wa koko ndi njere zina zotchedwa fulakisi. A Fainesi analidya kangapo nalikonda, koma kuphika kwake sanakuonepo, poti nthawi imeneyo ankakhala ali panja kuchapa matewera. Tsiku lobwerera, asewere anawapatsa thumba la njerezo la makilo awiri ndi chitini cha koko.

"Asewere, takhalani pansi pang'ono ndikuuzeni kaphikidwe kake," anatero namwino uja.

"Musavutike, asewere," anayankha a Fainesi akukankhira thumba m'chikwama. "Ine ndinayamba kuphika phala ndisanathe msinkhu. Ana asanu ndalera ndi phala."

Chilungamo chake n'chakuti ankafunitsitsa kumva. Koma munthu wamkulu, wokhala ndi mdzukulu, angakhale pansi kuti mzimayi mnzake amuphunzitse phala? Mawa asewere azikauza anzawo kutchalitchi kuti mwana wawo anakwatira kwa anthu osadziwa mthiko. Anasankha kunyamula umbuli wawo bwinobwino pamodzi ndi katundu, nakwera nawo basi mpaka pa boma la Chadiza.

Tsono anafika nyengo yokumba nshawa. Amayi khumi a m'mudzimo ali ndi chikumu, ndiye kuti amagwirirana ntchito mosinthana: lero onse m'munda wa uyu, mawa onse m'munda wa uje. Aliyense ali ndi tsiku limodzi basi, ndipo mwini munda ndiye amadyetsa anzake m'mawa asanagwire makasu. Ena amaphika mbatata, ena amabwera ndi thobwa, ena phala la mgaiwa lotendera nsinjiro. Pamene a Fainesi anali ku Lusaka, amuna awo a Trywell ndiwo ankawalowera m'malo, mwamuna yekhayekha pakati pa amayi asanu ndi anayi, mpaka anawapatsa dzina lakuti Mayi Trywell. Anapirira zonsezo kuti tsiku la akazi awo lisatayike. Tsikulo linali lomalizira pa onse, Lachinayi.

Ndipo Lachinayi limenelo silinali losewera nalo. Mudzi unapangana kuti Loweruka ziweto zimasulidwe, poti anthu onse anali atakolola. A Osward, oyandikana nawo munda, anali ndi nkhumba zisanu ndi zinayi zimene zinatsekeredwa m'khola kuyambira mvula yoyamba, ndipo zinkachita ngati nazonso zikuwerenga masiku. M'munda wa a Fainesi munali mizere makumi asanu ndi limodzi ya nshawa za chalimbana. Nsinjiro za chaka chonse zinali m'menemo, mbewu ya chaka chamawa inalinso m'menemo.

Munthu wina akanangophika mbatata. Koma mbatata ingauze bwanji amayi asanu ndi anayi kuti mnzawo anapita ku Lusaka?

Lachitatu masana a Fainesi anakhuthulira njere zonse m'lichero. Tinali tinjere ting'onoting'ono, tofiirira, tonyezimira. A Trywell anasuzumira ali chapatali.

"Amake Lonia, izi si nsikidzi izi?"

"Ndi fulakisi."

"Zimadyedwa?"

"Anthu ophunzira amadya."

A Trywell anangoti "Oo," napita kukanola makasu. Paja mkamwini sakhalitsa pa nkhani imene yafika pa maphunziro.

Kusinja kwake kunali nkhondo. Musi ukatsika, njere zinkathawira m'mbali mwa mtondo, zina kudumphira kunja. Ali mkati molimbana nazo, anatulukira a Keziya, mkazi wa mchimwene wawo. A Keziya ndi mtengwa wochokera ku Pembamoyo, munthu wosalankhula zambiri, ndipo amathandiza anamwino pa sikelo ya ana. Amayi onse akafuna kudziwa za phala la mwana amafunsa iwowo, chinthu chimene chakhala chikuwawawa a Fainesi kwa zaka zambiri.

"Alamu, mukusinja chiyani chotuluka mafuta chonchi?"

A Fainesi anafotokoza, akuchedwa dala pa mawu akuti chokoleti. A Keziya anatapa pang'ono, nafikisa ndi zala.

"Nanga ufa wake mukasakaniza ndi uti? Mgaiwa?"

"Mgaiwa wa chiyani? Ufa wake ndi womwewu."

"Wonsewu? Alamu, zinthu zamafuta chonchi sindikhulupirira kuti zimadyedwa mbale yodzaza. Pathumbapo sipanalembedwe muyeso? Tabweretsani ndione."

"Chizungu cha pamenepo si cha pa sikelo, alamu. Ndi cha ku Lusaka."

"Ndiye imbirani asewere anuwo. Foni yanga nayi."

"Ndiimbe foni mpaka ku Lusaka kufunsa za phala? Inu mukamaphika bonongwe mumaimbira ku Pembamoyo?"

A Keziya anapukutira zala pachitenje natsazika. A Fainesi anaona msana wawo ukuchoka ndipo mtima unati myaa. Mtengwa ameneyu anali ataikidwa pamalo pake.

M'mawa wa Lachinayi anatereka chimphika chachikulu chija chimene amabwerekana pa maliro. Madzi atafunda anathira ufa wonse wa njere, nathiranso chitini chonse cha koko, poti chinthu chabwino sichichuluka. Poyamba zinkaoneka ngati zikuyenda. Kenaka phala linayamba kugwira mthiko. Akakweza mthiko, phala linkakwera nawo. Akautsitsa, linkatsika nawo. Linali loterera kuposa therere lothira chidulo, ndipo mtundu wake unali wa matope a padambo pamene ng'ombe zamwera.

Analawa. Linali lowawa ngati mankhwala a malungo.

A Fainesi anaika mthiko pansi. Kwa asewere silinali lotere. Nyumba ya a Keziya inali apo, utsi ukutuluka kale, mtunda wake wongoitana ndi pakamwa. A Fainesi anayang'ana nyumbayo, nayang'ana mphika, kenaka analowa m'nyumba mwawo natenga shuga yense amene analimo, paketi yathunthu ndi wotsala m'botolo, nakhuthulira m'phalamo. Analawanso. Tsopano linkamezeka. Phala la thanzi linali lapsa.

Kumunda amayi anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, mbale m'manja. Wamkulu wa chikumu ndi a Consolata, mayi aang'ono a a Fainesi, munthu wa kwaya ndi korona m'khosi, koma pakamwa pake ngati lumo. Iwowo ndiwo anayamba kulandira. Chipande chitafika pambale, phala linakana kuduka. Linatambasuka kuchokera mu ndowa mpaka m'mbale ngati chingwe, mpaka a Fainesi anachita kulidula ndi chala.

"Mwanawe," anatero a Consolata, "therere lam'mawa chonchi talakwa chiyani?"

"Ndi chokoleti, amayi. Phala la fulakisi. Ku Lusaka anamwino amadya limeneli."

"Amadya kapena amapatsa odwala?"

Amayi anaseka chamumtima, ndipo mwina nkhani ikanathera pomwepo anthu n'kutumiza wina kukakumba mbatata. Koma panali a Lefina. A Lefina anagonapo ku Chipata masiku awiri kudikirira wodwala, ndipo kuyambira pamenepo iwo ndiwo anali munthu wa m'tauni wa m'mudzimo. Sakanalola kuti mpando umenewu uchoke chifukwa cha ndowa ya phala.

"Ee, ndi lomweli," anatero a Lefina akununkhiza. "Ku Chipata ndinadyako. Limatere kumene. Likapanda kutanuka ndiye kuti silinapse."

Basi. Ndani akanavomeranso kuti salidziwa? Aliyense anatambasula mbale. Ndi shuga uja linkalowa ndithu, ungotseka maso n'kumeza. A Lefina anawonjezera kuti asonyeze kuzolowera, enanso anawonjezera kuti a Lefina asawapose. A Fainesi anadya mbale ziwiri zodzaza akufotokoza za mtima, za magazi ndi za khungu losalala la asewere. A Trywell anakhala patali atafulatira, poti a Consolata ndi apongozi awo ndipo sangadye akuonana. Kumeneko anawatumizira ndowa ndi zotsala zonse, monga mwamuna. A Keziya okha analawa masupuni awiri nati anadya kale mbatata kunyumba.

"Ena mimba zawo zinazolowera gaga," anatero a Fainesi, osayang'ana munthu.

Ntchito inayamba bwino, tisaname. Makasu ankatsika pamodzi, nyimbo ili pakamwa, nshawa zikutuluka zonenepa. Dzuwa lisanafike pamutu anali atakumba mizere khumi ndi iwiri. Ndiye kunamveka bingu. Kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe. Amayi anayang'anana, ndipo a Lefina anayamba kuimba mokweza kuposa onse.

Muyenera kudziwa mmene munda uja unakhalira. Minda yonse yozungulira inali itakololedwa, mapesi atagwetsedwa, malo onse ali mbee ngati bwalo la mpira. Munthu akaima ku Zemba akanatha kuona mnzake akudzikanda kutsidya. Pobisalira panali pamodzi pokha: chulu chimodzi kumapeto kwa munda, chokhala ndi chitsamba pamwamba.

A Lefina anaika khasu pansi nati akukafuna mtengo wa mpini. Mpini wawo unali wabwinobwino. Anapita akuyenda, koma chapakati anayamba kuthamanga mothina miyendo. Asanabwere, wina anati waona bowa kuchulu kuja, bowa mwezi wa Meyi. Wachitatu sanapereke chifukwa. Pasanathe nthawi, njira yochoka m'mizere kupita kuchulu inali itapondeka ngati ya kuchitsime, ndipo obwerako ankangogwira khasu kawiri katatu n'kutembenukanso.

"Musadandaule," anatero a Fainesi, thukuta lili chuchuchu pamphumi. "Ndi mmene limagwirira ntchito. Likutsuka m'thupi."

"Tinabwera kudzakumba nshawa," anayankha a Consolata atatsamira khasu. "Sitinabwere kudzatsukidwa."

A Consolata analimbika kuposa onse, poti munthu wa kwaya sathamanga pagulu. Potsiriza anakonza duku, nati akukapemphera pang'ono, nanyamuka mwaulemu wonse.

Nthawi yonseyi a Trywell anali kumapeto ena a munda, akukumba okha, mano ali gwa. Iwo ndiwo anadya kwambiri, koma mwamuna angalowe bwanji pamzere wa amayi? Zitafika posauzana, anaganiza mwanzeru. Anatsikira kudambo ngati akukamwa madzi, nazungulira kutali kuti afike kuchulu chakumbuyo, kumene amayi sangawaone. Anafikadi chakumbuyo. Kumbuyoko n'kumene a Consolata ankapempherera.

Abale, anthu awiriwa anakhala m'mudzi umodzi zaka makumi awiri ndi zitatu osayang'anana m'maso. Akakumana panjira, wina ankapatukira kuthengo kuti mnzake adutse. Tsiku limeneli thengo lomwelo ndilo linawakumanitsa. Zimene zinalankhulidwa palibe akudziwa bwino. A Lefina, amene anali mbali ina ya chulu chomwecho, amalumbira kuti a Trywell ananjuta, naomba m'manja, nati, "Mwaswera bwanji, amayi?" Ndipo akuti a Consolata anayankha kuti, "Monga mukuoneramu, bambo."

A Trywell sanabwererenso kumunda. Anadzera kudambo mpaka kunyumba, natenga njinga, nalunjika kwawo ku Zingalume. Amene anakumana nawo akuti ulendowo unali ndi masiteji ambiri kuposa basi ya ku Chipata.

Dzuwa lili paliwombo, makasu anali atagona m'mizere ngati eni ake athawa nkhondo. Amayi ankabwerera kumudzi mmodzimmodzi atagwira pamimba. A Fainesi anaima pakati pa munda akuwaitana kuti adikire, zitha posachedwa, ku Lusaka zimatha msanga. Ali mkati molankhula, mawu anaduka. Anayang'ana kuchulu, nayerekeza mtunda, nauyamba. Thumba lija akanalifunsa likanawauza mwaulemu, koma mimba siuza munthu mwaulemu.

Masana onse a Keziya ankayenda khomo ndi khomo kusungunulira anthu madzi a moyo, aja a mchere ndi shuga. Atafika kwa a Fainesi anapempha shuga.

"Watha," anatero a Fainesi ali pamphasa, nkhope atalozetsa kukhoma.

"Si uja munabwera naye paketi yathunthu kuchokera ku Lusaka?"

A Fainesi anakoka chitenje nadzifunditsa mpaka kumutu.

Lachisanu m'mawa anadzikoka mpaka kwa a Consolata, nagwada pakhomo. Anapempha kuti chikumu chibwerenso, ngakhale theka la tsiku, poti mawa nkhumba zituluka. A Consolata anali gone pakhonde, maso atalowa.

"Tsiku lako linali dzulo, mwanawe. Tinabwera, tinadya, makasu tinagwira. Chikumu sichibwereza."

"Amayi, mizere yatsala makumi anayi ndi isanu ndi itatu."

"Ndiye ukaitane anamwino a ku Lusaka. Iwo ali ndi mphamvu, amadya la thanzi. Ife pano ngakhale kutsokomola tikuchita kuopa."

Anapitanso kwa a Osward kukapempha kuti nkhumba zidikire masiku awiri. A Osward anati gaga anatha Lachitatu, ndipo pangano ndi la mudzi, si lawo. Anawonjeza kuti akazi awo, amene analinso pa chikumu, sanadzukebe.

Choncho a Fainesi analowa m'munda okha, khasu likulemera ngati mtondo. Atakumba theka la mzere anamva khasu lina kumbuyo. Anali a Keziya. Sanapereke moni wautali, sanafunse za dzulo, anangoyamba mzere wawo. Mtengwa uja, wa chizungu cha pa sikelo. A Fainesi akanakonda kutukwanidwa kusiyana ndi kuthandizidwa mwakachetechete chonchi.

Popuma, a Keziya anatulutsa foni, naimba, naikweza mawu, naiika pakati pawo.

"Lonia, apongozi ako ali pafupi? Amayi ako akufuna awapatse moni."

A Fainesi anatambasula dzanja kuti aizime, koma mawu a asewere anali atamveka kale, osangalala ngati a munthu amene wagona tulo tabwino. Atapatsana moni, a Keziya anafunsa ngati akudzifunsira okha kuti phala lija limaphikidwa bwanji.

"N'losavuta, mwanangu," anatero asewere. "Uphike phala lako la masiku onse, kaya la mgaiwa, kaya la mapira. Likapsa uthire supuni imodzi ya njere zosinja. Imodzi yokha pa munthu, ndipo ongoyamba kumene ayambe ndi theka. Koko kasupuni kakang'ono. Ukanyemo nthochi yakupsa m'malo mwa shuga, mkaka ngati ulipo. Ndipo uzimwa madzi ambiri, poti njere zimenezi zimafewetsa m'mimba. Ukachulutsa sugona m'nyumba. Paja ndinkafuna kuwauza asewere, koma anati akudziwa."

"Akudziwa kumene," anatero a Keziya akuyang'ana nshawa.

"Nanga mwayesako kale, asewere? Thumba lija musaliumire, likufikitsani mpaka Khirisimasi."

A Fainesi anayandikiza pakamwa pafoni. "Asewere, sitikukumvani bwino. Kuno netiweki imavuta." Nadina batani.

Anakumba awiriwo mpaka dzuwa kupendeka. Anamaliza mizere isanu ndi inayi, natuta zimene anatha kututa. Loweruka m'mawa a Fainesi analawirira ndi khasu kuti apulumutseko ina, koma anapeza antchito ena atafika kale. Nkhumba za a Osward sizinafune phala lam'mawa, sizinaimbe nyimbo, sizinapite kuchulu. Zinangoika mphuno pansi, iliyonse pamzere wake, ndipo zinagwira ntchito yaukhondo imene chikumu chonse chinalephera. A Fainesi anathamangitsa ziwiri, zitatu zinalowera mbali ina. Anagenda, anatukwana, kenaka anakhala pansi pa mango n'kumaonerera. Pofika Lolemba m'mundamo munatsala makoko okhaokha.

A Trywell anabwerako patatha masabata awiri, ndipo mpaka lero akamapita kulikonse amazungulira kuseri kwa makola kuti asadutse pakhomo pa a Consolata. Chaka chino ndiwo za kwa a Fainesi n'zosatendera, ndipo mbewu ya nshawa adzachita kupempha kwa alamu awo a ku Pembamoyo. Eni ake amanenabe pachitsime kuti njere zija zinawonongeka ndi kutentha kwa m'basi, ndipo a Lefina amavomereza kuti za ku Chipata sizinkatero. Amayi ena amangotunga madzi awo. A Consolata okha, tsiku lina nkhumba ya a Osward ikudutsa ili nenepe, mafuta akugwedezeka, anailoza ndi mlomo nati, "Mwa ife tonse, amene anapindula ndi chakudya cha thanzi ndi uyu."

Funso lake linali lalifupi, lotha munthu asanameze malovu. Yankho lake linali supuni imodzi. Koma a Fainesi anaona kuti kufunsa n'kodula kwambiri, ndiye analipira ndi munda. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.